Machesi a Bambo Makwinja

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Makwinja, ndipo machesi awo akadali kwa ine. Ali pamwamba pa kabati, m'kachitini komwe kale ndinkasungiramo masamba a tiyi. Mwana wawo atabwera kudzalongedza katundu ndinafuna kumupatsa, koma ndinaona kuti ayamba kundifunsa mafunso ambiri, komanso lole inali italiza kale injini. Ndinangowasiya momwemo.

Tinkakhala mdadada umodzi wa nyumba za lendi ku Salisbury Lines, zoyang'ana kudambo. Khomo lawo linali lakumapeto, langa lotsatira. Ine ndimakazinga mandasi, choncho mbaula yanga ndi imene imayamba kufuka pamdadada wonse anthu akadali m'mabulangete. Iwo ankakonza maambulera mumsika, chakufupi ndi depoti. Anali a ku Phalombe, aatali, owonda ngati ndodo ya ambulera yomweyo. Anabwera ku Mzuzu ali mnyamata ndi kampani ina yomanga msewu. Msewu unatha, kampani inapita, iwo anatsala chifukwa cha mkazi. Zaka zonsezo Chitumbuka chinawakaniratu. Akati andipatse moni wa m'mawa, "Mwawuka uli, Nyachirwa," lilime linkachita kupunthwa, ine n'kuwauza kuti angolankhula Chichewa chawocho asatipweteke makutu. Sankakwiya. Ankati chilankhulo cha mkazi wako suchiphunzira chonse, kuopa kumva zimene akukunena ndi abale ake.

Kukwiya ankasungira makasitomala. Ukawapititsira ambulera unkayenera kukonzekera ulaliki. Ankaitembenuza uku ndi uku, n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wapalamula, kenako n'kukufunsa chifukwa chake unaipinda ili yonyowa. Ankati ambulera sithyoka tsiku limodzi, imayamba ndi waya mmodzi amene mwini wake wamuona n'kunena kuti ndikakonzetsa mawa. Ena ankachoka atalumbira kuti sadzabweranso. Koma mvula ya ku Mzuzu siyang'ana kalendala, ndipo sabata isanathe unkawaonanso anthu omwewo ataima pamaso pawo, atanyowa, akumvera ulaliki wachiwiri.

Chimene aliyense amene anawadziwa amakumbukira ndi zala zawo. Sizinkakhala phee. Kapepala kalikonse kakagwera m'manja mwawo, kaya ka suwiti, kaya ka zolengeza za kutchalitchi, zala zinkayamba zokha kukapichira, eni ake ali mkati molankhula za zina. Unkangoona kasanduka kandudu kowongoka bwino, kopanda kanthu mkati. Akazindikira ankakayang'ana mwamanyazi, n'kukalowetsa m'mng'alu wa khoma la pakhonde pawo. Ankati mtima unamva kalekale kuti fodya anasiya, koma zala palibe anaziuza.

Za machesizi zinayamba chaka chimene analembetsa mayeso a Fomu Folo. Inde, mayeso omwewa amene amalemba ana athu. Munthu wa imvi mutu wonse, wazidzukulu, anakadzilembetsa yekha kusukulu yamasana ku Chibanja. Nthawi ikakwana ankatseka bokosi lawo la mawaya, n'kulisungitsa kwa mayi wina wogulitsa nthochi, n'kuuyamba wapansi mabuku ali m'jumbo. M'kalasi ana ankawatcha asekuru, ndiye kuti agogo. Poyamba ankawaseka, kenako anawazolowera, moti ankawasungira mpando kutsogolo chifukwa maso anali atayamba kuvuta.

Chisanu chitangoyamba, mayeso akuyandikira, anagogoda pakhomo panga m'mawa wina. M'manja anali atanyamula machesi onse a m'nyumba mwawo, ndi kabokosi kotsala timitengo tiwiri komwe.

"Nyachirwa, mundisungire awa."

"Machesi, adada? Nanga muziphikira chiyani?"

"Ndizidzapala moto kwa inu m'mawa. Ndikaphika ndizithira madzi. M'nyumba mwanga musamakhale moto ndili ndekha."

"Chachitika n'chiyani?"

"Chibaba chabwerera."

Ananena motsitsa mawu, ngati akunena za munthu amene waima kuseri kwa chitseko. Ine ndinaseka, chifukwa panali patapita zaka chisiyireni fodya, ndipo ndinkayesa kuti nkhani imeneyo inatha. Ndinawafunsa ngati khala la pambaula siliyatsa fodya.

"Limayatsa," anatero. "Koma pambaula panu pamakhala inu."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse ndi kachidutswa ka lata kamene anakapinda m'mbali ndi pulayala yawo. Ndinkawaikira makala awiri atatu ofiira, iwo n'kumabwerera atawerama, akuuzira, nkhungu itawakuta mpaka m'mawondo. Akaphika tiyi ndi ndiwo za tsikulo, ndinkamva madzi akulira pamakala. Madzulo ankadya zozizira. Mu Juni, ku Salisbury Lines, kumene chisanu chimachita kutuluka m'dothi, munthu wamkulu ankawerenga atafunda bulangete mpaka kumutu mbaula ili pakona yozima. Ndinawadandaulira kangapo kuti adzidwalitsa. Ankati chimfine chili ndi mankhwala.

Kuti mumvetse muyenera kuwadziwa a Nyagondwe, akazi awo. Ine ndinawapeza m'zaka zawo zomaliza. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wa ku Rumphi, ndipo nkhondo yawo ndi fodya wa amuna awo inkadziwika ndi aliyense pamdadada. A Makwinja sankasuta ndudu za m'sitolo, ankati n'zamabwana, zimangonyeka ngati udzu. Ankasuta chingambwe, fodya wamasamba uja amagulitsa m'mbali mwa msika, n'kumapichira okha m'pepala lililonse limene alipeza: nyuzipepala, kalendala, ngakhale lokulungira sopo. A Nyagondwe akawapezerera sankataya mawu. Ankangotsomphola pakamwa pomwepo, n'kuponya m'ndowa ya madzi, n'kupitiriza kusankha nyemba ngati palibe chachitika. A Makwinja ankanyinyirika, n'kukapichira wina kuseri kwa bafa, ndipo kumenekonso ankawapeza.

Tsiku lina mapepala atasowa m'nyumba, a Makwinja anang'amba tsamba lakumapeto la buku la nyimbo la akazi awo, poganiza kuti nyimbo zakumapeto palibe amaziimba. Lamulungu lotsatira nyimbo yotsegulira inali yomweyo. A Nyagondwe anamanga kathumba n'kupita kwawo, ndipo anabwerako a Makwinja atawalondola ndi buku latsopano komanso tambala. Nkhani imeneyi ankainena okha, akuseka mpaka kutsokomola, n'kumalizira kuti Mulungu awakhululukire koma m'mapepala onse amene anasutira, palibe linapsa bwino ngati limenelo.

A Nyagondwe anadwala chifuwa nthawi yaitali. Madokotala sanatchule za utsi, koma a Makwinja anadziweruza okha. Masiku omaliza ndinkawapititsira phala kuchipatala, ndipo ndinalipo masana amene a Nyagondwe anawakoka malaya amuna awo kuti awerame. Mawu anali atachepa, koma ukali unali womwewo.

"A Makwinja, ine ndatopa chomene kukulandani. Ndikapita muzidzilanda nokha."

"Ndamva."

"Ndipo mayeso anu aja, mwandigonthetsa nawo makutu zaka zonsezi. Mukalembe, nkhani ithe."

"Ndamva, Nyagondwe."

Madzulo ake anataya kathumba kawo ka chingambwe m'chimbudzi, ndipo sanasutenso. Lonjezo loyambalo analigwira nthawi yomweyo. Lachiwiri linawatengera zaka, chifukwa ankaliopa, ndipo chifukwa chake ndinadzachimva pambuyo pake.

Ali mnyamata anafika Fomu Folo pasukulu ina ya mishoni kummwera. Anali mwana woyamba m'mudzi mwawo kufika pamenepo, ndipo mayi awo anagulitsa mbuzi kuti afike. Mayeso atayandikira mutu unayamba kuwatentha. Mnzawo wina anawauza kuti akakoka kamodzi kokha zonse zilowa bwino. Anakoka kamodzi, mawa lake kawiri. Patatsala pang'ono kuti ayambe kulemba, ahedi anawapeza kuseri kwa chimbudzi akusuta, fodyayo atamupichira m'pepala la notsi zawo zomwe. Masiku amenewo kunalibe zokambirana. Anawauza kuti anyamule sutikesi, ndipo anzawo ankalemba mayeso iwo akutchola tiyi ku esiteti. Ankati chimene sanaiwale si chikwapu cha bambo awo, koma kuti mayi awo sananene kanthu, anangowalandira sutikesi n'kuwaphikira. Choncho kwa iwo mayeso ndi fodya zinali zinthu zoyendera limodzi. Ankadziwa kuti akadzangotsegula buku, winayo adzabwera kudzawalonjera.

Fodyayo anabweradi, ndipo anawalanda anzawo. A Makwinja anali katswiri wa bawo. Loweruka lililonse masana ankakhala pansi pa mtengo wina kumsewu wa ku Chibanja, pamene madoda amasonkhana, ndipo mnzawo wapamtima anali a Mhango, mlonda wopuma ntchito. Atasiya fodya ankapitabe, n'kumakhala kumene mphepo ikuchokera. Koma chaka cha mayesochi fungo lokha linkawadzutsira chibaba, ndiye analeka. A Mhango anawalondola kunyumba, ndudu ataipanira kukhutu monga mwa masiku onse. Ndinali pakhonde ndipo ndinamva zonse.

"A Makwinja, mwatitaya chomene. Mabukuwa akupengetsani. Tiyeni mukamenye bawo, mukoke kamodzi, mutu upepuke."

"Ndinalonjeza, a Mhango."

"Munalonjeza ndani? Wakufa sanunkhiza, akulu."

A Makwinja anatola ndodo ya ambulera n'kuwaloza nayo njira. A Mhango anachoka akupukusa mutu. Sindikhulupirira kuti ananena mwankhanza, ankangofuna mnzawo abwerere pabawo. Koma awiriwa sanalankhulanenso, ndipo Loweruka la a Makwinja linasanduka lalitali.

Ana awo anali kutali. Wamkazi anakwatiwa ku Blantyre, wamwamuna ali ku Joni. Wa ku Joniyu ankaimba foni mwa apo ndi apo, ndipo atamva za sukulu anafunsa kuti satifiketiyo akalowa nayo ntchito kuti pamsinkhu umenewu. A Makwinja anamuyankha kuti si chilichonse chimene munthu amachita n'cholowera ntchito, n'kudula foni. Kenako anakhala nthawi yaitali akuiyang'ana foniyo, kudikira kuti mwina ilirenso. Sinalire.

Khoma la pakati pathu n'lopyapyala, moti mnzako akayetsemula umayankha. Madzulo ndikutsuka ziwiya ndinkawamva akuloweza mokweza, mayina a mafupa, mitsinje ya maiko akutali, Chingerezi chawo chakale chija chotchula chilembo chilichonse. Akamaliza ankafunsa kuti, "Ndakhoza, Nyagondwe?" Ulendo woyamba ndinaseka. Ulendo wachiwiri ndinatseka wailesi n'kukhala pansi, chifukwa zinandimvetsa chisoni kwambiri. Mkuluyo ankafunsa mpando wopanda munthu.

Aphunzitsi awo ankawalimbikitsa kuti akhoza, ifenso pamdadada tinkawatcha kale a Fomu Folo. Iwo ankatibweza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Akatero ankadziseka okha kuti taonani tsoka lake, ngakhale miyambi imene akuidziwa ikununkha fodya. Ankatafuna chilichonse: nzimbe, chinangwa chachiwisi, timitengo ta bulugamu, chivindikiro cha bolopeni. Ankakangana nane chifukwa cha nkhuku zanga, chifukwa cha wailesi, chifukwa choti mafuta anga akununkha. Ndinkangowasiya, podziwa kuti amene akukangana naye si ine.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Loweruka, mayeso ali mkati. Zambiri anali atalemba kale, kutatsala masamu Lolemba. Masamu ndi amene ankawaopa kuposa zonse. Ankati m'masiku awo masamu anali manambala, koma tsopano alowamo zilembo, ndipo munthu sudziwa ngati ukuwerengera kapena ukulemba kalata. M'mawa wonse ndinkamva mpando ukukwekwesa pansi, buku likumenyedwa patebulo. Cha kumasana anatuluka. Kunja kunkagwa mvula yamawawa ija yosadziwika poyambira, ndipo iwo, munthu wokonza maambulera, anatuluka opanda ambulera. Ndinadziwa pomwepo kuti zavuta.

Anabwerera atanyowa. Ine ndinali pakhonde, ufa wa mandasi a madzulo utafufuma m'beseni, mbaula itagwira bwino, chiwaya cha mafuta ndikuti ndiike pamoto. Sanalowe kwawo kukatenga kachidutswa kawo ka lata kaja. Anabwera molunjika, n'kukhala pakampando kanga, madzi akudontha m'chipewa. Pakati pa zala zawo panali chingambwe chopichira kale, chonenepa, chomata bwino. Pepala lake linali la mayeso akale a masamu, manambala akuoneka mozungulira.

"Mwatandala uli, adada?" ndinawalonjera, ngati sindikuona.

"Nyachirwa, moto."

Kwathu kuno moto sitimanana. Ngakhale munthu munayambana naye dzulo, akabwera ndi phale kudzapala moto umamupatsa, mlandu mudzapitiriza pambuyo. Nanga uyu ndi munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga, amene anandithandiza kunyamula mwana wanga kupita naye kuchipatala amuna anga ali kutali. Ndimukanize bwanji? Kutsomphola sindikanatha. Ameneyo anali mwamuna wa a Nyagondwe, ndipo dzanja lokhala ndi ufulu umenewo linali m'manda ku Rumphi. Koma kutenga khala ndi dzanja langa n'kuwayatsira, ndinaona kuti kuli bwino andinene kuti ndine wamwano.

"Moto ndi uwo, adada," ndinatero. "Ine sindikupatsani, komanso sindikumanani."

Ndinaika chiwaya pansi, n'kukhala pasimenti moyang'anizana nawo, n'kudzifunditsa chitenje. Mbaula inali pakati pathu. Thumba la makala linali pafupi ndi mwendo wanga, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti sindiwonjezerapo ngakhale limodzi.

Anawerama. Dzanja logwira chingambwe linalunjika kumakala. Linafika pafupi, kutentha kukuwomba pepala, kenako linabwerera pabondo. Sanandiyang'ane.

"Mutu wanga wasanduka machesi onyowa," anatero. "Ndikukhwatcha, ndikukhwatcha, osayaka. Akundiuza kuti ndikangokoka kamodzi zonse zitseguka."

"Akukuuzani ndani?"

"Yemwe uja. Mawu ake sanasinthe. Ndi omwewa anandiuza ndili mnyamata."

Mvula inkangonyenyeka padenga. Ana a pamdadada anabwera kudzagula mandasi, ndinawauza kuti lero kulibe, n'kubwerera akudabwa chifukwa beseni ankaliona. Mayi wa khomo lachitatu anasuzumira, anaona nkhope zathu, n'kutseka chitseko chake mwakachetechete. Makala anayamba kuvala phulusa pamwamba. Dzanja lija linapitanso, ulendo uno linafika pafupi kwambiri moti nsonga ya pepala inada. Ndinatseka maso. Ndinkadikira fungo lija, limene ndinkalidziwa bwino kuyambira masiku a a Nyagondwe. Silinabwere. Nditatsegula maso dzanja linali pabondo, ndipo dzanja linalo linali litaligwira pamkono ngati mmene umagwirira mwana pamsewu.

Tinakhala choncho mpaka kuwala kunayamba kuchepa. Miyendo yanga inachita dzanzi. Kufiira kwa makala kunkachepa pang'onopang'ono, kunatsala pakati pokha, kenako kadontho kamodzi pansi pa phulusa. Tonse tinkakayang'ana kadonthoko. Katazima, a Makwinja anapisa chala m'phulusa, n'kuchitulutsa, n'kuchiyang'ana.

"Nyagondwe akanandilanda kalekale," anatero.

"Enya, adada. Ndikudziwa."

"Chikundiwawa si fodya ayi. Ndayenda kuchokera kumsika mpaka kuno ali m'manja, poyera, osabisa. Ndadutsa anthu ondidziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa."

Analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a akazi awo anangouma ngati chitsa. Analira mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka, ndipo ine ndinayang'ana kudambo kuti ndisawachititse manyazi. Atamaliza anamasula chingambwe chija, n'kukutumulira fodya m'matope pansi pa khonde, n'kupondapo. Pepalalo analiwongola pabondo ndi chikhatho.

"Funso ili ndi limene landizunza kuyambira m'mawa," anatero. "Ndimafuna ndiliotche."

Analipinda bwinobwino, n'kuliika m'thumba la malaya, n'kuimirira. Pakhomo pawo anatembenuka n'kundithokoza kuti yewo chomene, ndipo kanali koyamba kuwamva akutchula Chitumbuka mosapunthwa. Ufa wanga unali utasefukira m'beseni mpaka pansi, nkhuku zikujompha.

Masamu analephera. Zotsatira zitatuluka anali atakhoza zina zonse, zokwanira satifiketi, koma masamu anawagwetsa ndithu, ndipo iwo ankanena monyadira ngati akunena za mdani amene anamenyana naye mwachilungamo. Tsiku limenelo anabwera kuchokera kusukulu atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kundiuza ine poyamba. Anaimbira wa ku Joni, foni sinayankhidwe. Wa ku Blantyre anasangalala, koma anali pamzere kubanki, anati aimbanso. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Rumphi, kumene agona a Nyagondwe, ndipo anabwerako madzulo omwewo mawondo a buluku ali ndi dothi lofiira.

Mayeso atatha ndinawatengera kachitini kaja.

"Adada, nkhondo yatha. Nawa machesi anu."

"Asungeni kaye."

"Chibaba chikadalipo?"

"Asungeni kaye, Nyachirwa."

Anapitiriza kubwera m'mawa uliwonse ndi kachidutswa kawo ka lata, dzinja lonse, mpaka chisanu china chinayandikira. Ine ndinkayesa kuti akuopabe fodya. Ndinachedwa kuzindikira kuti pa tsiku lonse, limenelo ndilo linali khomo lokhalo limene ankagogodapo wina n'kuwayankha ndi dzina. Ankaima pang'ono, n'kudandaula za nkhuku zanga, n'kulosera ngati kugwe mvula, n'kunyamula moto wawo. Zinali zochepa choncho, koma ndikuganiza kuti ndi zimene ankadzukira.

M'mawa wina mu Meyi sanabwere. Ndinakazinga chiwaya choyamba, chachiwiri, makala awo ndawapatula pambali. Nditagogoda anayankha ndi mawu amene sindinawazindikire. Chinali chibayo. Kuchipatala sanakhaleko nthawi yaitali. Pamaliro anthu anabwera ambiri kuposa amene ankawayendera ali moyo, monga zimakhalira. Ana a m'kalasi mwawo anabwera ndi yunifolomu za sukulu zosiyanasiyana n'kuimba nyimbo imodzi. A Mhango anakhala ndi madoda pamoto tsiku lonse, ndipo ndinaona kuti kukhutu kwawo kunalibe kanthu, komanso anzawo akamayatsa iwo ankayang'ana kumbali. Abale anati thupi lipite kwawo ku Phalombe. Choncho iwo agona kummwera, a Nyagondwe kumpoto, dziko lonse lili pakati pawo. Zimenezi zimandipwetekabe, koma ine ndinali woyandikana nawo nyumba chabe, ndinalibe mawu.

Nyumba yawo mpaka lero sinalowe munthu. Eni ake akuti akonze kaye denga, chifukwa likudontha pakati penipeni, pamene panali tebulo lowerengera. A Makwinja ankangopachikapo ambulera yotsegula chagada kuti izilandira madzi, osadandaula kwa aliyense. Pachitseko pali loko watsopano, pawindo anatsekapo katoni imene yayamba kufufuma ndi chinyezi. Pakhonde simenti inakumbika malo anayi pamene pankaima miyendo ya mpando wawo, ndipo mvula ikagwa timaenjeto timadzaza madzi, nkhuku zanga n'kumamwa popanda wozithamangitsa. Pamsomali patsala mafupa a ambulera imodzi yopanda nsalu, imene mwini wake sanabwere kudzatenga. M'ming'alu ya khoma mukadali timapepala tawo tija, topichira bwino, topanda kanthu mkati. Tina tayera ndi dzuwa, tina akangaude amangamo nyumba.

Kachidutswa ka lata kaja kali pomwe anakatsamiritsa tsiku lomaliza, pafupi ndi chitseko, ndipo kayamba dzimbiri. Mwana wawo sanakatenge, anakaona ngati chinyalala. Inenso sindinakasunthe. M'mawa uliwonse moto ukagwira, dzanja langa limapatula lokha makala awiri atatu m'mbali mwa mbaula, ndisanaganize n'komwe. Amakhala pamenepo ali ofiira kwa kanthawi, nkhungu ikukwera kuchokera kudambo, kenako amazima okha.